Ulemu wa Mkamwini Ali ndi Mfuti M'manja

Nkhani iyi ndikaikamba anthu amati ndathira mchere, koma ndikulumbira pali mayi anga ondibereka, omwe mwa chisomo akadali moyo, kuti zinachitikadi ndipo ndinaziona ndi maso angawa kuno ku Dubai zaka zingapo zapitazo. Mayina sinditchula, chifukwa mwini nkhaniyi ndimagona naye nyumba imodzi.

Ine ndine namwino pa kachipatala kena ku Oud Metha, amuna anga ndi akauntanti. Nditabereka mwana wathu woyamba tinaitanitsa mayi kuchokera ku Ntcheu kuti adzandithandize. Tsono muwadziwe amuna angawa: ndi a ku Dedza, oleredwa ndi mwambo wonse, uja wakuti apongozi suwayang'ana m'maso, suwapatsa nkhongo, ndipo akakulankhula umatembenuka thupi lonse, kunjuta, n'kuwomba m'manja. Kumudzi zimenezi sizivuta, bwalo ndi lalikulu, munthu umalambalala kuseri kwa nkhokwe. Nanga m'kafulati ka ku Al Barsha ulambalala kuti? Bambo wa mimba yake, taye ili pakhosi, ankatuluka pabalaza chafutambuyo mpaka kugunda furiji. Tsiku lina anakumana ndi mayi mu lifiti, ananjuta pakona kuchokera pansi mpaka pamwamba, Mfilipino wina n'kuwafunsa ngati m'mimba mwawavuta.

Nthawi imeneyo n'kuti atalowa kagulu ka anzawo a kuntchito kochita mpikisano wowombera chandamale ndi timfuti ta m'manja tija, mapisito, pa kilabu ina kunja kwa tauni. Mfuti zimakhala za komweko, sabwera nazo kunyumba, koma malamulo ake ndiye ankabwera nawo! Pa chakudya, malamulo. Pogona, malamulo. Ati mfuti iliyonse uziyiyesa kuti muli chipolopolo, ati kukamwa kwake kuziloza kuchandamale basi, ati chala chisakhudze kachitsulo kowombera kaja mpaka pamene ukufunadi kuwomba. Ine ndinafika powaloweza ngati pemphero. Anagulanso zotseka m'makutu zapamwamba, zimene zimachepetsa kulira kwa mfuti koma mawu a munthu zimawakweza, ndipo ankazinyadira koopsa.

Loweruka lina kunali mpikisano waukulu. Mayi anati iwo sangabwerere ku Malawi osaona mkamwini wawo akuwombera, nanga amayi anzawo a kutchalitchi akakawafunsa akanena chiyani? Anati amuna anga tisawauze, tikangotulukira. Anali ataphika thobwa la mawere ndi chimera chimene anabwera nacho kumudzi, lofiira bwino, n'kudzaza chigubu, ati mkamwini akamwe ndi anzake poti dzuwa la kuno si lamasewera. Mwana tinasiyira mnzanga wa ku Zambia, ife ulendo pa takisi.

Pachipata anatipatsa magalasi ndi zotseka m'makutu, n'kutilangiza m'Chingerezi kuti tiime kumbuyo kwa mzere wofiira ndipo tisaitane aliyense amene wagwira mfuti. Ine ndinamasulira ndithu, mayi n'kumagwedeza mutu, osadziwa ine kuti anali atavala kale zotsekazo ndipo sanamve kanthu. Ndiye mukudziwa momwe munthu wotseka makutu amakuwira.

Tinafika pa nthawi yake yeniyeni. Amuna anga ali kutsogolo atatipatsa msana, pambali pawo pali woyang'anira mpikisano, bambo wina wamtali wachiarabu. Kabelu kanalira. Pha! Pha! Pha! Timbale tachitsulo ta chandamale tikungogwa, ine mumtima ndikuti ee, kani bambowa pali chimene amatha! Mayi anaika chigubu pansi pafupi ndi mapazi awo, anatulutsa nthungululu ya ku Ntcheu yeniyeni, kenaka anakuwa kuti apongozi tafika, mwaswera bwanji kumeneko.

Abale anga, mwambo ndi woopsa. Mutu wa amuna anga usanaganize n'komwe, thupi linali litayankha kale. Anatembenuka yense, mfuti ili m'manja, chala chili pomwe paja ankatiuza kuti chisamakhale. Ndinaona kabowo kakuda ka mfuti kakudutsa pa anthu, kakudutsa pa ine, n'kufika pachifuwa pa mayi anga. Azungu, Amwenye, Aarabu, onse anadzigwetsa mumchenga ngati nkhuku zaona kabawi. Woyang'anira uja akukuwa kuti sitopu, uku akuthamangira dzanja lawo. Koma amuna anga anali atayamba kale kunjuta, maso pansi monga mwa mwambo, manja akubwera pamodzi kuti awombe m'manja.

Phuu!

Mayi anakhala pansi kuti khu. Chitenje chofiira, miyendo yofiira, zofiira zikuyenderera mumchenga. Anakuwa kuti mayo ndafa ine, ndafera kwa eni. Ine namwino wathunthu, woona mabala a mitundu yonse, ndinapita pomwe anali mayipo chokwawa. M'mutu mwanga munali funso limodzi lokha: amalume ndikawauza chiyani? Kuti mayi anakwera ndege koyamba kudzalera mdzukulu, mkamwini n'kuwawombera powapatsa moni? Ndinafunyulula chitenje, kupapasa ntchafu, maondo, akakolo, bala osaoneka. Kenaka fungo linandipeza. Magazi anji onunkhira chimera? Poyang'ana, chigubu chabooka uku ndi uku, thobwa likungotuluka.

Nditawauza mayi kuti sanavulale, anasiya kulira, anayang'ana chigubu, n'kuyamba kulira kwina, ati chimera chawo chonse chathera mumchenga.

Woyang'anira uja anali atalanda kale mfuti n'kuchotsa zipolopolo. Anauza amuna anga kuti khalas, zathera pomwepa, mumpikisano achotsedwa ndipo pakilabupo asadzapondeponso. Apolisi anabwera. Apa ndiye panali sewero: mayi anagwada pamaso pa wapolisi, thobwa lili chuchuchu, ati olakwa ndi iwo poitana munthu ali pantchito, amange iwowo, mkamwini wawo ndi mwana waulemu. Ine ndikumasulira zonsezo m'Chingerezi. Woyang'anira uja anawadzutsa mwaulemu n'kunena kuti ngakhale njuchi ikulume, ngakhale denga ligwe, wogwira mfuti ndiye mwini chipolopolo kuyambira pamene chatuluka mpaka pamene chakaima, wopereka moni alibe mlandu. Amuna anga anaswera kupolisi tsiku limenelo, anabwererakonso kangapo nkhani isanathe, ndipo nthawi yonseyo tinkakhala zikwama zili zolongedza, poganiza kuti atithamangitsa m'dziko muno.

Koma chimene chinandimaliza chinachitika mawa lake. Amuna anga anali kuchipinda akung'ung'udza kuti zikanakhala kuti sitinabwere mwadzidzidzi, zikanakhala kuti zotseka m'makutu zija sizikweza mawu, bwenzi chikho atatenga. Ine ndinali kubafa ndikuchapa chitenje cha mayi, ndipo kunena zoona ndinali nditayamba kuseka ndekha pokumbukira mzungu wina wonenepa amene anabisala kuseri kwa kampando kapulasitiki. Pofinya ndinaona kabowo m'chitenjemo, pamalo pamene pamagwera pa katumba. Ndinapisa chala, chinalowa bwinobwino n'kutulukira kuseri. Kuseka kunathera pomwepo. Ndinapita nacho kuchipinda chikudontha, n'kuwaonetsa chala changa chili pabowopo. Bambo wamkulu anakhala pansi n'kulira ngati mwana, ndipo mawu aja akuti zikanakhala sindinawamvenso m'nyumba mwanga.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti mfuti sidziwa chibale, ndipo malamulo oloweza pakamwa sapulumutsa munthu ngati thupi linaloweza zina. Amuna anga si chidakwa, si munthu waukali, anali waulemu chabe, koma ulemu womwewo ukanandisandutsa mwana wamasiye. Inu amene mwayamba timasewera timeneti kuno, mukagwira mfuti n'kumva dzina lanu, kaya ndi abwana, kaya abusa, kaya apongozi, apatseni nkhongo ndithu, chotsani chala, malizani zanu, ikani mfuti pansi ilibe kanthu. Moni sawola, mukaupeza.

Chitenje chija ndinasunga ine. Ndipo mpaka lero tikapita ku Ntcheu, mkamwini akayamba kunjuta, mayi amayamba amuuza kuti atambasule manja awaone.