Chala cha Lameck pa Khoma la Laibulale

Ku Wenya mukafunsa za Lameck Kaonga, ena akuuzani kuti anali mmisiri wa njerwa, ena akuti anali wabodza wotheratu. Onsewo akugona m'nyumba zomwe anamanga iyeyo, ndipo mpaka lero palibe yomwe yang'aluka. Anthu kusayamika, abale!

Lameck anachoka kwawo mu 1970 pa lole ya kontirakitala wina, mwana wake Dinah akuyamba kumene kudziwa kutunga madzi m'kachitini. Anabwerako patapita zaka zinayi ataonda ngati bango, atanyamula levulo, mpeni womangira ndi kansungwi kotseka ndi chitsononkho. Atamufunsa komwe anali, anayankha monyadira kuti, "Ku Zomba, kumanga yunivesite."

Anthu anangoyang'anizana. Masiku amenewo munthu wakuno akati anali ku Zomba, tinkadziwa zinthu zitatu: usilikali, misala kapena ndende. Jombo za usilikali analibe, mutu wake unali bwinobwino, ndiye chotsala n'chiyani? Tsono munthu wotuluka m'ndende ali wamoyo ankaopsa kuposa wolowa, chifukwa aliyense ankadzifunsa kuti ameneyu walonjeza chiyani kuti amutulutse. Lameck akafika pamowa, nkhani zonse zinkasanduka za mvula.

Iye m'malo mokhala chete ankachita kuonjeza. "Tinapeza tchire ndi minda kunsi kwa phiri," ankatero. "Ophunzirawo anali akadali ku Blantyre. Ife tinayamba ndi zikhomo ndi chingwe basi. Kenako maziko, kenako nyumba zogona, makonde ataliatali oti munthu n'kuyenda mvula osamukhudza. Koma laibulale, nyumba ya mabuku okhaokha, eee! Khoma lake lakumadzulo ndi langa ine, kuyambira pansi mpaka potera mbalame."

"Mabuku okhaokha nyumba yonse?" wina ankafunsa akutsinzinira mnzake. "Nanga alonda ake anali ndi mfuti zingati?"

Tsiku lina zitamukwana, Lameck anakatenga kansungwi kaja n'kusololamo chipepala chabuluu chodzaza mizeremizere. Inali pulani yakale ya laibulale, yomwe kapitawo anamupatsa kuti akulungire nsapato itatha ntchito. Lameck sankatha kulemba ngakhale dzina lake, koma pepala limenelo ankaliwerenga ngati m'busa pa Baibulo: apa chitseko, apa masitepe, apa mawindo khumi ndi awiri. Umboni wake wonse unali umenewo. Pakati pa omwe anasuzumira panali Yakobo Silungwe, mnansi wake, yemwe sanaseke ngati anzake. Anangoliyang'ana pepalalo nthawi yaitali. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Lameck anali ndi kachizolowezi kake pa ntchito. Akayala njerwa yomaliza ya tsikulo, ankadinda chala chake chachikulu m'matope a pakati pa njerwa asanaume. Chalacho nyundo inaching'amba ali mnyamata, choncho chidindo chake chinkatuluka ndi kamzere pakati. Ankati amatero kuti mawa pasakhale wonena kuti mzere wokhota ndi wake. Pa nyumba yawo panali zidindo zoterozo, ndipo Dinah ali wamng'ono ankasewera kulowetsamo kachala kake.

Zaka zinapita. Mu 1985 wailesi inawerenga mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite, ndipo dzina la Dinah Kaonga linamveka. Mayi ake, a Salome, analulutira mpaka mawu kusasa. Mwana wa Yakobo analemba nawo mayeso omwewo, koma dzina lake silinatuluke. Ndipo pofika chaka chimenecho Yakobo anali tcheyamani wa nthambi ya chipani, wa baji pachifuwa ngakhale polima.

Anabwera dzuwa lili paliwombo, Lameck akusonkhezera uvuni wa njerwa kudambo.

"Monire a Kaonga. Tamva za mwana. Ndi mwayi wa mudzi wonse umenewu."

"Yewo, a tcheyamani."

"Kungoti akuluakulu kubomaku akafunsa za banja lomwe mwanayo akuchokera, woyankha ndine." Yakobo anatola kachibanthu ka njerwa n'kumakatembenuza m'manja. "Paja chipepala chija mukadali nacho? Malire a dziko si patali pano, a Kaonga. Anthu akuti ndi mapu. Sindikunena ine, akunena ndi anthu. Mawa ndibwera ndi anyamata achipani tidzalitenge, akalione okha kuboma. Ngati ndi labwino, mantha n'ngachiyani?"

Yakobo atachoka, Lameck anasiya kusonkhezera moto. Ankadziwa bwino kuti pepala silipita lokha kuboma, limapita ndi mwini wake. Ndipo akanakafotokoza kuti chiyani? Munthu wosadziwa A, wokhala kufupi ndi malire, kusunga chithunzi cha nyumba ya boma chosonyeza khomo lililonse ndi polowera paliponse! Ndani akanamva za nsapato za kapitawo? Za iye mwini sanadandaule kwambiri. Chomwe chinamudya mumtima n'chakuti mwana wa munthu woganiziridwa dzina lake linkafufutika msanga kuposa choko pa bolodi.

Anapita kunyumba, anatsitsa kansungwi kudenga, n'kubwerera nako kudambo atakabisa m'malaya. Anafunyulula pepalalo n'kuliyang'ana komaliza, chala chikutsata khoma lakumadzulo. Kenako analikankhira m'kamwa mwa uvuni ndi mtengo wosonkhezera. Zaka zinayi za thukuta zinapsa mofulumira kuposa udzu. M'nsungwimo anathiramo mbewu ya mawere.

M'mawa mwake Yakobo anafika ndi anyamata atatu a malaya ofiira, ndipo theka la mudzi linabwera pambuyo pawo ngati kuli gule. Anagwedeza nsungwi, munatuluka mawere. Anafukula m'denga, m'nkhokwe, mpaka pansi pa mphasa.

"Pepala lija lili kuti?"

"Linali thumba la simenti, a tcheyamani. Mizere ija ndinajambula ndekha kuti anthu azinditama. Ana anayatsira moto kalekale."

"Nanga khoma lanu lotchuka lija?"

Apa ndiye panali pomeza mwala. Lameck anadziwa kuti munthu waulemu amaopedwa, koma chitsiru sachitengera kuboma. Anagwetsa nkhope n'kunena mokweza kuti aliyense amve: "Khoma lanji? Ine kumeneko ndinali dakaboyi. Ndinkakanda matope n'kumaperekera amisiri. Laibulale ndinkangoionera patali."

Kuseka kwake! Amayi ena mpaka kugwirana mapewa. Yakobo naye anaseka, kuseka kwa munthu yemwe wapeza zochepa kuposa zomwe anadzera, koma zomukwanira. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Lameck linasanduka Dakaboyi, ndipo ndi ana omwe ankamuitana choncho akabisala kuseri kwa nthochi.

Chomwe chinamupweteka koposa chinali Dinah. Mtsikanayu anakula akumenyana ndi anzake kusukulu chifukwa choteteza nkhani ya khoma ija. Tsikulo anaima pakhonde, osaseka, osalira, akungoyang'ana bambo ake ngati mlendo. Lameck sanamuuze zoona. Ankaopa kuti mwana akadziwa, tsiku lina mkwiyo udzamutsegula pakamwa pamaso pa munthu wolakwika, pakuti ku Zomba nako makutu achipani analiko. Pomuperekeza kukakwera basi, Dinah anatsanzika mayi ake ndi misozi, koma bambo ake anangowapatsa nsonga za zala.

Miyezi itatu inadutsa popanda kalata ya Dinah yotchula dzina la bambo ake. Lameck ankamanga, kudya, kugona. Chala chokha sanasiye kudinda.

Patchuthi choyamba Dinah anatsika basi n'kuyenda wapansi, ndipo sanayambe wafika kunyumba. Anapita molunjika komwe bambo ake ankamanga sitolo ya munthu wina. Anatula chikwama, anagwada, n'kugwira dzanja lawo lamanja lodzaza matope. Anapukuta chala chachikulu chija ndi nsonga ya chitenje chake n'kuyang'anitsitsa chipsera.

"Ndawerenga zidindo zanu makumi anayi ndi zitatu pa khoma lija, Adada," anatero chapansipansi. "Zinazo zili m'mwamba, sindinathe kufikira. Ndinkabisala dzuwa kuseri kwa laibulale, ndiye ndinangoona chala changa chalowa chokha m'chidindo cha kamzere pakati."

Lameck anayamba wayang'ana kunjira, kenako kuseri kwa mulu wa njerwa, monga tinkachitira tonse masiku amenewo. Kunalibe munthu.

"Khomalo lang'aluka?" anafunsa.

"Ngakhale pang'ono."

"Kumunsi, pafupi ndi ngalande? Pamenepo dothi lake linali lofewa."

"Lili nji, Adada." Dinah anaweramitsa mutu. "Mundikhululukire. Lamulungu likubwerali ndiimirira pabwalo la tchalitchi ndiwauze onse, a Silungwe akumva."

"Usayerekeze!" Lameck anamugwira pamkono mwamphamvu mpaka kusiya matope. "Zatsala zaka zingati kuti umalize?"

"Zitatu ndi theka."

"Ndiye ine ndine Dakaboyi zaka zitatu ndi theka. Wamva?"

Dinah anagwedeza mutu movomera, misozi ili chuchuchu. Nthawi yomweyo panjira panatulukira Yakobo pa njinga yake, baji ili ng'aning'ani, n'kuimika phazi pansi.

"A Dakaboyi! Ophunzira afika? Tatiuzeni, mayi, matope a bambo anu munawaona kumeneko?"

Dinah anatsegula pakamwa, n'kumva dzanja lija likufinya mkono wake.

"Nyumba n'zambiri kumeneko, a tcheyamani," anatero. "Munthu sungadziwe."

Yakobo anapalasa njinga akuseka. Lameck anatola mpeni wake, anayala njerwa ina, n'kudinda chala ngakhale dzuwa linali likadali m'mwamba.