Adokotala opanda jakisoni

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ine ndi bambo tinatsatira amayi kutsidya kwa nyanja, ku Walsall, kumene ankagwira ntchito ya unamwino. Kwathu kumalire a Mchinji bambo anali munthu wa anthu. M'mawa ankaona odwala pachipatala chaching'ono, ena ochokera mpaka ku Zambia pa njinga. Madzulo ankagulitsa mchere ndi palafini m'golosale mwawo. Analinso khansala, ndipo mlatho wa pamtsinje wathu anaumenyera ndi iwo. Aliyense ankangoti Adokotala.

Ku Walsall mapepala awo a zachipatala sanavomerezedwe. Ankanyamula makatoni ku kampani ina, akaweruka n'kukhala pawindo atavala jekete, kuyang'ana mvula. Amayi ankakhalira mashifiti. M'nyumba munkangomveka firiji.

Tsiku lina ku tchalitchi bambo anamva za a Tembo, mkulu wa ku Chipata amene anali ku nyumba yosamalira okalamba ku Smethwick. Sitiroko inawalanda Chingerezi chonse n'kuwasiyira Chinyanja chokha. Ana awo anali kutali. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinkakwera mabasi kupita kumeneko, poti panalibe woti n'kundisiya naye.

Ndinkadana nawo ulendowo. Chipindacho chinkanunkha mankhwala okolopera ndi kabichi wowiritsa. Bambo ankawameta ndevu a Tembo, kuwawenga zikhadabo, kenako n'kuyamba kukambirana za mitengo ya fodya ndi misewu yoti ine sindinkaikumbukanso.

Loweruka lina a Tembo anagwira dzanja la bambo, n'kupempha jakisoni. "Adokotala, ndilaseniko nyeleti, mwendo wanivuta."

Bambo anayang'ana pansi. "Kuno sandilola, achikulire. Ndikawauza anesi." Anapitadi kukawauza, ndipo atabwerako anakhala pansi n'kuyamba kuusisita mwendowo mpaka mkuluyo anagona.

M'basi pobwerera ndinawafunsa m'Chingerezi, monga ndinali nditazolowera, kuti tinkavutikiranji ngati sangathe n'kuwapatsa mankhwala omwe.

Anayankha m'Chichewa, maso ali pawindo. "Chikondi mwana wanga, kumalire kuja mankhwala ankatha mwezi usanafike pakati. Anthu ankabwerabe. Ukuganiza kuti ndinkawabweza?"

"Ndiye munkawatani?"

"Ndinkakhala nawo."

A Tembo anamwalira m'nyengo yozizira. Kumanda tinalipo ochepa kwambiri moti ogwira ntchito pamalopo anachita kuthandiza kunyamula bokosi. Bambo anayambitsa nyimbo, mawu n'kuwathera panjira. Ndinaitola ine, ndi Chichewa changa chopindika, mpaka tinaimaliza. Loweruka lotsatira bambo anadzuka, kuvala nsapato, n'kukhala pampando osapita kulikonse. Ndinawapangira tiyi, n'kukhala nawo pambali.

Bambo anabwerera kumudzi nditamaliza sukulu, ndipo kumeneko n'kumene anamwalirira. Ine ndinatsala, ndine namwino ku Birmingham. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ku Smethwick tinkapita kukazonda wodwala mmodzi. Tsopano ndikudziwa kuti m'chipinda chija odwala anali awiri, ndipo aliyense ankasamalira mnzake ndi chimene anali nacho. M'dziko lonse lino, a Tembo okha ndiwo ankawafuna bambo anga.