Chaka Cholembedwa Kawiri pa Ndalama ya Bambo

Bambo anga akonza mawotchi zaka makumi atatu pakhonde la sitolo ya nsalu, patebulo lomwe mwendo wake umodzi anauchirikiza ndi katoni. Ntchito yawo yonse ili m'diso lakumanja, lomwe amaikapo kagalasi kokulitsa zinthu. Diso limenelo ndi lomwe linatiphunzitsa sukulu ana anayi, ndipo salola munthu kulinena. Mnzawo wokonza mawotchi kuseri kwa msika bambo anamupatsa dzina loti Wophwanya, ati amakonza ndi zibakera.

Ali ndi kamatenda kamodzi bambowa. Ndalama yachitsulo iliyonse akalandira, amayamba aiunika, kufuna zomwe zinalakwika poisula: chidindo chopendekeka, chilembo chosowa. Akuti kuli anthu osonkhetsa zoterozo. Mayi amati ndi misala chabe. Zaka zonsezi bambo anapezapo ziwiri zokha, zili m'kabokosi ka machesi.

Lachiwiri lapitali bambo anandiimbira. "Bwera ndi foni yako yojambula bwino ija. Ndapeza ya chaka cholembedwa kawiri."

Ndinapita mtima uli m'mwamba. Mwezi watha makasitomala awiri anabweza mawotchi, ndipo mayi anandinong'oneza kuti bambo ayamba kuphonya kapu pothira tiyi. Ndinadziwa kuti chithunzicho chiulula chimodzi: cholakwika chili pandalama, kapena chili m'diso.

Ndinawapeza atayala kale kansalu kakuda, ndalama ili pakati.

"Usayatse kagetsi ka foniyo, kamabisa zilembo," anatero. "Ndipo ndalamayi uziigwira m'mbali, zala zakozo ndi mafuta okhaokha."

Ndinakhazika foni pakapu, n'kuika kagalasi kawo kutsogolo kwa kamera. Zithunzi zitatu zoyamba zinatuluka zosaoneka bwino, ndipo anandifunsa ngati kusukulu ndinkapitira kukagona. Chachinayi chinagwira. Ndinachikulitsa ndi zala. Manambala anayi a chaka, iliyonse payokha, popanda chowonjezera.

"Zatuluka?" anafunsa.

Ndinangowapatsa foni. Anaiyandikitsa kumaso, n'kumwetulira.

"Waona, mwana wanga? Mthunzi uwo, kumanja kwa nambala iliyonse."

Ndinawamvera chisoni, komanso ndinapsa mtima kuti zandigwera ine. Kuvomera ndikanatha, koma mawa lake akanatumiza chithunzicho kwa osonkhetsa aja, n'kukasekedwa ndi anthu osawadziwa. Ndinakumbukira lamulo lawo lomwe.

"Bambo, paja mumati ndalama tiziizunguza. Chidindo chikamenya kawiri, mthunzi umazungulira limodzi ndi ndalamayo. Mukaizondotsa, upite kumanzere."

Bambo anaika kagalasi padiso, n'kuyamba kuzunguza ndalama ija ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, mpaka manambala anazondoka. Mumsewu munadutsa galimoto ziwiri iwo asanadzutse mutu.

"Ukadali kumanja," anatero motsitsa mawu.

Anachotsa kagalasi, n'kukapukuta ndi malaya ngati vuto ndi fumbi. Anayesanso.

Pambali panali wotchi ya mphunzitsi wina, yotsegula, tizitsulo take tili pambale. Anatitolera mosamala m'kapepala, n'kukulunga pamodzi ndi wotchiyo.

"Mwini wake abwera masana," anatero. "Umuuze apite nayo kwa Wophwanya. Mayi ako ndikawauza ndekha."