Zala Ziwiri Pansi pa Koseti

"Amake Tadala, kodi zala zanuzi munabadwa nazo chonchi?" Anandifunsa amake Chisomo, aneba anga kuno ku Bradford, tikuyanika zovala kuseri kwa nyumba. Anali ataona mmene ndimavutikira kupana zovala pachingwe ndi dzanja lamanja. Ndinati nkhani yake ndi yaitali. Iwo anati zovala sizinaume, nthawi ilipo. Zimene ndinawauza ndi izi.

Kuno ndinabwera kutsatira bambo a Tadala, amene ankaphunzira ku yunivesite. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma singano ndimaidziwa, ndinaphunzira pakhonde pa telala ku Ndirande. A Nachisale, mayi a kutchalitchi kwathu amene ankasoka zovala za zisudzo ku Leeds, ndiwo anandiuza kuti gulu lina la opera likufuna munthu woveka oimba. Opera ndi sewero loti anthu sayankhula, chilichonse amachita kuimba, ngakhale wobayidwa amafa akuimba. Tadala anali ndi zaka zitatu. Ndinkamusiya ndi bambo ake n'kukwera sitima.

Anandiika kwa Madamu Joana, woimba wa mawu okwera kwambiri aja amati soprano. Ankaimba popanda chokuzira mawu, koma mawu awo ankadutsa pamwamba pa mavayolini ndi malipenga onse mpaka kumpando womaliza. Tsiku loyamba ndinaiwala simbi padiresi chifukwa chomvetsera.

A Magi, mzungu amene ankayang'anira zovala, anandipatsa malamulo. Kuvala zakuda zokhazokha. Osadzola perefyumu, imakanda pakhosi pa woimba. Madzi akumwa akhale ofunda, othira uchi pang'ono. Pomanga koseti, chovala cholimba cham'kati chija chomangira zingwe kumsana, uziyamba pakati kupita kumwamba, kenako pansi, ndipo ulowetse zala ziwiri pakati pa koseti ndi nthiti. Zikakana kulowa, masula, chifukwa woimba amapumira m'nthiti. Lamulo lalikulu analisunga komaliza. "Seweroli likayamba, kuseri kuno kulibe mawu," anatero. "Ngakhale singano ikulowe m'chikhadabo, ulire mumtima."

Pomanga koseti ndi pamene ndinayamba kuona. Mabala obiriwira m'nthiti, ena akuda pamsana, onse pamalo pamene diresi imabisa. Ndikalowetsa zala zanga ziwiri, Madamu ankaluma mlomo. Tsiku lina ndinafunsa kuti, "Madamu, mwagwa?" Anayankha pagalasi, osatembenuka: "Manga, Esinati. Tatsala ndi mphindi khumi."

Amuna awo, a Vikita, ndiwo ankayendetsa ntchito yawo yonse: kumene aimbe, zimene adye, amene ayankhule naye. Ankalowa m'chipinda chovalira osagogoda. Ine ankanditchula kuti "iwe wa zingwe". Ankati ndizikoka kwambiri kuti chiuno chioneke bwino pazithunzi. Ndinkavomera, iwo akatuluka n'kumasula. Ndinawauza a Nachisale za mabala aja. Anati, "Mwana wanga, za m'banja la azungu zisiye. Wabwerera ntchito." Ndinakhala chete masabata asanu.

Kenako linafika Loweruka lojambula chimbale. Madamu anali atatulutsa kale zimbale ziwiri, koma ichi chinali choyamba kujambula anthu akuonerera, sewero la masana. Anapachika mamaiki paliponse, ina pafupi ndi kachipinda ka makatani kamene tinkasinthiramo zovala m'mbali mwa siteji. A Magi anandilozera maikiyo n'kuika chala pakamwa.

Pakati pa gawo lachiwiri panali kusintha kwa mphindi zinayi: kuvula diresi yabuluu, kuvala yoyera yaukwati ya ngowe khumi ndi zisanu ndi zitatu, kusintha wigi. Munali mdima m'kachipinda kaja, tochi ndinkailuma pakamwa kuti manja onse agwire ntchito. Madamu asanatuluke pasiteji, mawu awo anagwedera pang'ono pamalo okwera. Ine sindikanazindikira, koma ndinaona a Vikita akumenya khoma ndi chikhatho.

Madamu analowa akupuma mwabefu. Ndinavula yabuluu, ndinaveka yoyera, ndinali pa ngowe yachisanu ndi chiwiri pamene katani inatseguka. Analowa a Vikita. Anawagwira Madamu tsitsi pamodzi ndi wigi n'kuwamenyetsa mutu pachitsulo chopachikira zovala. Kenako anawagwira pakhosi ndi manja onse awiri. Pakhosi, pamene masabata onsewa sankakhudzapo.

Chimene chinandiopsa n'chakuti Madamu sanakuwe. Munthu wa mawu odzaza holo yonse ankangopalasa miyendo, zidendene zikukhula pansi, chifukwa pasiteji anzawo anali akuimbabe ndipo maiki inali pamwamba pathu. Nanenso ndinayamba mwakachetechete. Ndinalowetsa zala zanga ziwiri zija pakati pa dzanja la bamboyo ndi khosi, monga ndinazolowera pakoseti, n'kukoka. Anamasula dzanja limodzi, anagwira zala zangazo n'kuzipindira kumbuyo. Zinalira ngati ukuthyola nzimbe. Anandiponda pachifuwa, ndinagwera pa mulu wa nsapato, tochi inanding'amba mlomo. Atabwerera pakhosi paja, maso a Madamu anali atayamba kutembenuka.

Kwathu ku Ndirande mkazi akamamenyedwa, mnzake wapafupi salimbana ndi mwamuna. Amatuluka panja n'kukuwa, ndipo mkuwo umenewo aliyense amaudziwa, anthu amasiya mphika pamoto. Sindinaganize n'komwe. Ndinaika dzanja labwinolo pamutu n'kukuwa m'Chichewa ndi mphamvu zonse: "Mayo ine! Akupha munthu kuno!"

Mavayolini anasiya imodziimodzi. Woyamba kufika anali woimba wina wamkulu thupi, atavala ngati msilikali, lupanga lake la pulasitiki lili m'chiuno. Pamodzi ndi amuna awiri okoka makatani anamugwetsa bamboyo, akukalipabe kuti mkazi ndi wake. Diresi yoyera ija inali magazi kuyambira paphewa. A Magi anagwada pambali panga n'kukulunga dzanja langa ndi nsalu yositira. "Waphwanya lamulo langa," anatero. "Ukanachedwa pang'ono tikanaveka maliro."

Apolisi anamutenga bamboyo, ndipo kukhoti ndinakaima ngati mboni. Madamu anakhala miyezi osayankhula. Mawu anabwerera, koma okwera aja ayi. Pano amaphunzitsa ena kuimba. Anabwera kudzandiona kamodzi mawu asanabwerere, anakhala pampando wa m'nyumbamu Tadala akuwaseweretsa mpango wapakhosi. Polephera kuyankhula, analemba pakapepala kuti ndinakuwa bwino, mpweya unachokera m'nthiti. Tinaseka, iwo mopanda mawu.

Ntchito anandisungira, koma ngowe khumi ndi zisanu ndi zitatu m'mphindi zinayi sizitheka ndi zala zosapindika. Ndinayesa kawiri, ndinatsanzika ndekha. Pano ndimasamalira okalamba, ndipo powasambitsa ndimayang'ana m'nthiti ndi pamsana. Ndikaona bala losadziwika bwino ndimanena tsiku lomwelo, ngakhale andinene kuti ndine wa pakamwa. Chete wa kuntchito ndi wosungira nyimbo, osati wosungira womenya. Izi ndinazidziwa mochedwa ndi masabata asanu.

Amake Chisomo anafunsa ngati ndinapezapo kanthu. Ndinati munthu ali moyo. Koma zotayika ndimatha kuziwerenga: chimbale chimodzi chimene sichinatuluke, mawu okwera a Madamu, ntchito yanga yoyamba, ndi zala ziwiri za kudzanja lamanja.