Mbuzi ya pa Chinkhoswe cha Mwana Wanga

Nkhondo imene inandilanda mnzanga sindinamvepo mfuti yake ngakhale imodzi. Inkachitikira kutali, kumaiko amene mpaka lero mutandipatsa mapu sindingawaloze. Kwathu kuno inafika pa foni, ndipo bandulo yake ndinkagula ndekha.

Nthawi imeneyo ndinali kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Mnzangayo anali telala, Msilamu, makina ake ali pakhonde la golosale pamsika wa pafupi ndi geti la esiteti. Tinakulira limodzi. Ine wopemphera Lamulungu, iye Lachisanu, koma zimenezo sizinatisowetsepo tulo. Pakhomo panga pakakhala chochitika, kaya Khirisimasi, kaya ubatizo wa mwana, chiweto ankazinga ndi iye. Ndi mmene timachitira kuno. Mkhristu akafuna kuti anansi ake Achisilamu adye nawo, mbuzi saicheka yekha pakhosi. Amaitana Msilamu kuti azinge ndi pemphero lake, nyamayo ikhale ya aliyense. Mnzangayo sindinkachita kumutumira uthenga. Akangomva tsiku, ankalawira yekha ndi mpeni wake wokulunga m'kansalu.

Gulupu ya pafoni tinaiyambitsa, ife a pa esiteti ndi a pamsika, kuti tizidziwitsana za maliro ndi za mpira. Nkhondo ija itabuka, aliyense anasanduka katswiri. Mlonda wa ku fakitale, munthu wofika ku Limbe kamodzi pachaka, ankatifotokozera mtunda umene mzinga ungauluke. Kondakitala wa minibasi ankadziwa maganizo a atsogoleri a maiko akuluakulu eni ake asanatsegule pakamwa. Kukangocha, wina walemba kale kuti nkhondo yachitatu ya dziko lonse ndi imeneyi, mawa akuponya bomba la nyukiliya. Ndipo tinkaopadi. Azimayi m'munda anandifunsa ngati utsi wa bombalo ungafike ku Thekerani, ine mwanzeru zanga ndinayankha kuti zitengera kumene mphepo ikulowera.

Netiweki inkagwira bwino pakamtunda ka pafupi ndi shedi yoyezera masamba. Ndinkaima pamenepo maso ali pa foni, othyola akudzaza madengu ndi masamba okhwima m'malo mwa awiri anthete ndi kansonga kake. Kufakitale anadandaula kawiri, ine osamva. Ndinali kunkhondo.

Mbali tinasankha ngati matimu a mpira, a tchalitchi uku, a mzikiti uko. Palibe anatipempha.

Telala sankalembalemba. Tsiku lina anangotumiza vidiyo ya bambo atanyamula kamwana kotuwa ndi fumbi, akutuluka m'nyumba yogumuka. Pansi pake analemba kuti, "Abale, awatu ndi ana."

Ine ndinayankha osapuma n'komwe: "Anafesa okha, akolole okha. Inu anthu inu, paliponse oyambitsa mumakhala inuyo."

Tinkhope toseka tinagwa ngati matalala. Ndisaname, ndinamva kukoma. Patapita kanthawi iye analemba: "Anthu ake ati, achimwene? Amene ndili panopa ndine." Kenako anatuluka m'gulupumo. Anzanga anati wagonja, ndipo anandipatsa ulemu wa msilikali.

Masabata atatu ndinkazungulira njira ya kudamu kuopa kudutsa pakhonde lake. Uku chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi woyamba chikuyandikira, mbuzi ndamanga kale kuseri.

"Bambo ake, atelala aja mwaonana nawo za mbuziyi?" anafunsa mkazi wanga.

"Sabwera amene uja. Ndiye ndikamugwadire ineyo? Mbuzi ndi yanga."

"Nkhondo ya eni ake ilowe mpaka mumphika mwanga? Inu, muchite manyazi."

Ndinauma khosi. Mumtima ndinkafuna ndimukane ine asanandikane iye. Tsiku la chinkhoswelo m'mawa, mame asanaume, ndinaitana mlamu wanga, mbuzi ija tinaigwetsa kuseri kwa khitchini. Tonse awiri sitinali ozolowera, mbuziyo inavutika nthawi yaitali. Tinaipachika pamtengo wa mapeyala n'kuyamba kusenda.

Tili pakati posenda ndinamva, "Mosheliwa, achimwene!" Moni wa Chilomwe umenewo ankandipatsa ndi iye yekha pamsika ponse, mopotoza dala kuti ndiseke. Ndinatembenuka. Anali atavala mkanjo wake woyera, kansalu ka mpeni kali m'manja. Anayang'ana mbuzi, anayang'ana manja a mlamu wanga.

"Mwazinga kale?"

"Tazinga."

"Wazinga ndani?"

Mlamu wanga anakweza dzanja la magazi ngati mwana wa sukulu. Telala anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chabwino. Zikomo," anatero. Anaika kansalu kaja m'thumba n'kubwerera njira yomwe anadzera. Akanandilalatira bwenzi zili bwino, ndikanapeza pogwira.

Masana anabwera ndithu, iye ndi banja lake ndi mabanja ena a pamsika, azimayi atasenza mabeseni a mphatso. Anavina, anafupa, analangiza mwana wanga ngati wawo. Itakwana nthawi ya chakudya, madzi osamba m'manja anazungulira, iwo n'kumangoti, "Zikomo, tadya kale." Anthu oti akhala padzuwa kuyambira masana! Palibe anatchula za mbuzi. Mkazi wanga anathamanga kukabwereka poto wina kuti akazinge mazira, koma mmene ankapsa n'kuti alendo atatsanzika. Theka la mphasa linatsala lopanda anthu, ndipo akuchimuna anaona zonse.

Mwana wanga anandiitanira m'nyumba, zodzola za kumaso zitasungunuka ndi misozi. "Ababa, anthu mukuwamenyerawo akukudziwani? Amalume atelala aja chovala ndavalachi asoka okha, akana ndi ndalama yomwe. Mwandichititsa manyazi pa tsiku langa." Nyama inatsala yambiri, tinachita kugawira anthu odutsa.

Bomba lija silinabwere. Pasanathe miyezi iwiri gulupu inabwerera ku mpira ndi kudandaula za mafuta a galimoto. Kondakitala uja ndi mlonda uja, amene ankatukwanana mpaka kutchulana makolo, ndinawapeza akudya chimanga chootcha chimodzi pa siteji. Kwa iwo anali macheza otayitsa nthawi. Chitsiru chimene chinatenga za pafoni n'kupita nazo kuseri kwa khitchini ndinali ine ndekha, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Ndinayesa kamodzi kukapepesa kwa telala. Ndinatenga buluku long'ambika ngati chonamizira n'kupita pakhonde paja. Anandilandira bwino, anasoka, anandifunsa za kunyumba. Koma ankanditchula kuti akapitawo. Mawu oti pepani ndinali nawo pakhosi, ndinabwerera nawo.

Mvula itayamba, amayi ake anamwalira, mayi amene ankatigawira chinangwa m'mbale imodzi tili ana. Asilamu sagoneka maliro, choncho nditangomva ndinasiya munda m'manja mwa kapitawo mnzanga, ndinatenga nkhwangwa n'kuthamangira komweko. Pamaliro a pakhomo limenelo ntchito yanga inkadziwika: kuwaza nkhuni, kutunga madzi, kukalipira achinyamata aulesi. Ndinalunjika kuseri kumene kunali zipika.

Telala anandiona. Anabwera, maso ali ofiira, nandigwira dzanja ndi manja awiri. Kenako anandilanda nkhwangwa ija mwaulemu n'kuipereka kwa mng'ono wake.

"Apatseni mpando alendowa," anatero.

Anandikhazika pampando wa pulasitiki pansi pa tenti, pakati pa anthu ochokera ku Limbe amene sindinkawadziwa. Anandibweretsera tiyi m'kapu ya alendo. Ndinakhala pamenepo manja ali pamiyendo, ndikumva nkhwangwa yanga ikulira kuseri, mpaka ananyamula maliro.