Theka la Mphindi la Hezron Chavula

Hezron Chavula wa ku Mwazisi anali munthu woti njuchi zinkamumvera kuposa ana ake. Ankafula uchi osaphimba kumaso, kautsi pang'ono basi, ndipo ming'oma imene ankakhoma yekha inkadziwika mpaka ku Bolero. Koma mukamufunsa kuti iye ndani, bambo wonenepa chonchija ankatuluka thukuta ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'shuga. Ankatchula dzina lokha n'kuyang'ana kumbali.

M'chaka cha 1997 bungwe lina linabwera ndi ntchito yoti anthu ozungulira nkhalango ya Vwaza aziweta njuchi m'malo motchera nyama. Linkafuna munthu mmodzi woyang'anira makalabu onse, womupatsa njinga yamoto ndi malipiro a pamwezi. Mayeso olemba panalibe. Oweta njuchi anaitanidwa ku msonkhano ku Bolero, ndipo kalata inati aliyense adzapatsidwa theka la mphindi kuti adzifotokoze. Hezron anaifunitsitsa ntchitoyo. Fodya anali atamukana zaka ziwiri zotsatizana, ndipo mwana wake wamkazi anali atasankhidwa kupita ku sekondale.

Anapita kwa mlamu wake, Laws Gondwe, mphunzitsi wopuma wa sukulu ya mishoni, munthu wokonda kukonza zolankhula za ena ngakhale pamaliro. Laws anavula wotchi n'kuiika patebulo. Anati theka la mphindi si nthawi yotchula agogo ako ndi ng'ombe zawo monga timachitira kuno. Dzina, kumene ukuchokera, chimene manja ako amadziwa, chimene ukufuna, wakhala pansi. Analemba, anafufuta, analembanso, mpaka panatsala mizere inayi: Hezron Chavula wa ku Mwazisi, zaka zisanu ndi ziwiri ndi njuchi, anaphunzira pa esiteti ku Kasungu, ming'oma makumi anayi, wokonzeka kuphunzitsa ena.

Panali zaka zina zimene sizinalowe pa pepalapo, ndipo onse awiri ankadziwa chifukwa chake. Nthawi ya chipani chimodzi, Hezron anali mmodzi mwa anyamata a malaya ofiira amene ankaima pa siteji ya basi ku Bolero kufunsa makadi a chipani. Wopanda khadi sankakwera. Hezron ankaigwira ntchitoyo mosanyengerera munthu, ndipo akuluakulu ankamuyamikira. Mphepo ya ndale isanatembenuke anali atapita kale ku Kasungu, ndipo atabwerako nkhaniyi sanaitchulenso, ngakhale kwa mkazi wake.

Hezron ataimirira kuti ayeserere, Laws anamuyang'ana nthawi yaitali osaona n'komwe wotchi.

"Mlamu, mawu ali bwino chomene. Koma musaime choncho, mapazi pamodzi, manja kumbuyo. Aliyense amene anakwerapo basi pa Bolero akudziwa maimidwe amenewo."

Hezron anaseka mokakamiza. Sabata yonse ankayeserera pakati pa ming'oma, manja kutsogolo, akulankhula ndi njuchi.

Tsiku la msonkhano holo inadzaza anthu pafupifupi makumi atatu. Wotsogolera anali mayi Emelda Kachingwe, wa ku Zomba, amene Chitumbuka chake chinkathera pa "yewo", choncho zonse zinayenda m'Chichewa. Pamene ankapemphera pemphero lotsegulira, Hezron anatsinzina, ndipo thupi linachita zimene linazolowera. Atatsegula maso anapeza mapazi ali pamodzi, manja ali kumbuyo. Anawamasula msanga. Kutsidya kwa mabenchi mayi wina wa duku lobiriwira sanali atatsinzina, ndipo ankamuyang'ana.

Kenaka mayi Kachingwe ananena chinthu chimene sichinali m'kalata. Anati ku bungwe kwawo munthu sadzifotokoza yekha. Mukhala awiriawiri, uuza mnzako za iwe, ndipo mnzakoyo ndiye aimirira n'kukufotokozera gulu. Woyang'anira makalabu ayenera kukhala womvetsera, choncho wosiya kanthu pa zimene wauzidwa wadzichotsa yekha. Anthu anayamba kusuntha mabenchi akuseka. Hezron asanatembenukire kwa mnansi wake, mayi wa duku uja anali atawoloka holo yonse n'kukhala pambali pake.

Hezron anayamba. Mizere inayi ija inatuluka bwinobwino monga Laws anaikonzera, ndipo mayiyo anaibwereza osaphonya. Kenaka ananena zake, motsitsa mawu, maso ali pa bolodi.

"Ine ndine Ida Kumwenda, wa ku Kazuni. Ming'oma khumi ndi iwiri. Ana anayi. Wachinayi, Lena, anamwalira ndili naye kumsana pa siteji ya Bolero, mu Febuluwale 1988. Ndinkapita naye kuchipatala ku boma. Khadi ndinaliiwala kunyumba. Basi inapita." Anapuma pang'ono. "Mwagwira zonse, adada?"

Hezron anafufuza nkhopeyo m'mutu mwake ndipo sanaipeze. Ichi ndicho chinamuopsa kuposa zonse. Anali atabweza anthu ambiri pakhomo la basi, amayi a ana kumsana osawerengeka, ndipo sanafunsepo kuti anakafika kuti. Iye anaiwala, koma mlandu suwola.

Awiriawiri ankaimirira. Wina anaiwala dzina la mnzake, holo inaseka. Wina anasandutsa ming'oma isanu kukhala makumi asanu. Hezron ankawerenga mabenchi otsala: anayi, atatu, awiri. Chitseko chinali pafupi, koma kutuluka kunali kutaya ntchito, ndipo kukhala kunali kudikira chimene mayiyu akanena akaimirira.

Ida anaimirira. Anatchula dzina, Mwazisi, zaka zisanu ndi ziwiri, Kasungu, ming'oma makumi anayi, wokonzeka kuphunzitsa ena. Sanawonjezere kanthu. Mayi Kachingwe anagwedeza mutu mokondwa n'kulemba, ndipo Hezron anaona kuti pa dzina lake aikapo chizindikiro. Ntchito inali m'manja. Chinatsala n'kuti iye afotokoze mnzake.

"Awa ndi mayi Ida Kumwenda a ku Kazuni. Ali ndi ming'oma khumi ndi iwiri. Ali ndi ana atatu."

"Anayi," anatero Ida ali chikhalire.

Ena anaseka poganiza kuti n'kuiwala wamba. Akuluakulu a ku Bolero amene anakhala kutsogolo sanaseke. Hezron anazindikira kuti manja ake abwereranso kumbuyo, ndipo ulendo uno anawasiya komweko.

"Ana anayi. Wachinayi, Lena, anamwalira pa siteji pano mu 1988, akupita kuchipatala. Mayi ake analibe khadi, basi inapita." Zimene anauzidwa zinathera pamenepo, ndipo akanatha kukhala pansi. "Amene anaima pakhomo la basiyo ndinali ine."

Cholembera cha mayi Kachingwe chinaima. Anayang'ana wotchi, anayang'ana pepala, n'kuitana awiri otsatira ndi mawu osamveka bwino. Nthawi ya tiyi palibe amene anamunyoza Hezron, ndipo palibenso amene anaima naye. Kakhadi kamene Laws anamulembera dzina ndi keyala, koti apatse akubungwe, kanabwerera ku Mwazisi m'thumba. Njinga yamoto anaipatsa munthu wina wa ku Bolero.

Madzulo anthu a ku Kazuni ndi a ku Mwazisi anakumana pa siteji pomwe paja, kudikira matola a kumadzulo. Galimoto itafika, Hezron anapezeka kuti waima pokwerera penipeni, ndipo Ida anali kutsogolo kwake ndi chikwama chake. Hezron anapatuka. Ida anakwera osamuyang'ana, n'kukhala pa thumba la feteleza.

Dalaivala anaitana Hezron kawiri, kuti malo alipo, kuti ina sibweranso lero. Hezron anapukusa mutu. Anaima pomwepo mpaka fumbi linatha, kuti aone mmene siteji imaonekera kwa munthu wotsala.