Mbaula m'Tenti

Tentiyo amuna anga anaigula pakaunjika, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munalibe mtendere. Ankafuna tikaone mapiri a ku Dedza, tizikagona panja ngati alendo aja oyenda ndi zikwama kumsana. Ndinawaseka kuti munthu wa nyumba ya malata akagone bwanji pansi pa nsalu. Koma sukulu zitatsekera, nyengo yozizira ili pachimake, tinanyamuka atatu: iwo, ine ndi mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Tsiku loyamba tinazungulira ku Mphunzi. Msewu wafumbi unkakhotakhota pakati pa miyala ikuluikulu yosanjikizana, minda ya kachewere ili m'mbali mwa mapiri. Kukongola kunalipo, sindikana. Koma kumene tinakhoma tenti tsiku limenelo, mwana anachezera kukhosomola ndi chisanu, mabulangete atatu osathandiza kanthu. Kutacha ndinali nditakwiya kale. Titafika pa Bembeke ndinaimitsa galimoto, nkugula kambaula ndi makala.

Masana tikukwera phiri, nkhungu inatsika nkutikuta. Amuna anga anayatsa magetsi a galimoto dzuwa lisanapendeke. Anthu apanjinga ankangotulukira pafupi penipeni, nkuzimiriranso.

Malo ogona anali pakati pa mitengo ya paini, ndipo alendo tinali ife tokha. Anatilandira mlonda wachikulire wovala chikhoti chofika m'mawondo. Ataona ndikukoleza moto kuti ndikazinge mbatata, anaima kanthawi akuyang'ana mbaulayo.

"Amayi, mukatha kuphika, mbaulayi igone panja," anatero. "Makala m'kati mwa tentimo amapha, ndipo munthu sumva fungo."

"Zikomo achikulire, tamva," anayankha amuna anga.

Ine wa mtima wapachala sindinapirire. "Kwathu takula tikuotha mbaula m'nyumba. Palibe anafa."

"Nyumba ili ndi mipata, amayi. Tentiyi ndi thumba."

Anatsazika nkubwerera kukanyumba kake kuchipata. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinaona ngati akundiphunzitsa kulera mwana wanga yemwe.

Kutangoda, amuna anga anagona, atatopa ndi chiwongolero. Mwana anayambanso kukhosomola, manja ake ali ozizira ngati madzi a mumtsuko. Ndinasuzumira panja. Makala anali atasiya utsi, angotsala ofiira okhaokha, ndipo ine ndinkadziwa kuti choopsa ndi utsi basi. Ndinalowetsa mbaulayo, nkuikhazika pamwala chakumapazi. Ndinatseka zipi mpaka pansi, timazenera taukonde nkutchinga ndi zitenje kuti mphepo isapeze polowera. Posakhalitsa m'tenti munafunda, chifuwa cha mwana chinaleka. Ndinagona ndikudzitama mumtima.

Chinandidzutsa ndi mutu. Unkawawa ngati wina akuuwaza ndi nkhwangwa. Nsalu ya tenti inali itayamba kuyera, kusonyeza kuti kukucha. Ndinafuna kudzuka, miyendo inakana. Amuna anga ankapuma mwachilendo, mokoka, kukamwa kuli yasa. Ndinawagwedeza, anangobuula.

Kenako ndinagwira mwana. Anali wofunda, nkhope yake ili bwinobwino ngati wagona tulo tabwino. Ndinamuitana. Ndinamutsina patsaya. Ndinakweza dzanja lake nkulisiya, linangogwa.

Mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamveponso. Ndinakwawa mpaka pakhomo, koma zala zinkalephera kugwira zipi. Ndinaikoka ndi mano mpaka inatseguka pang'ono, nkutulutsa mutu. Ndinakuwa, mawu anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye. Mwamwayi mlonda uja anali chapafupi, akutola nkhuni. Anang'amba khomo lonse, nkutulutsa mwana, kenako anakoka amuna anga miyendo mpaka panja. Mbaula anaiponyera kutali, phulusa lili mbuu.

Amuna anga anayamba kusanza, atagwada pa udzu. Mlondayo anamugoneka mwana chammbali pamame, akumupepesera mphepo ndi chipewa chake, uku akuimba foni kuti kubwere galimoto yotitengera kuchipatala, poti panalibe woti nkuyendetsa yathu. Nkhungu inali isanachoke. Sindinkaona ngakhale chipata, ndinkangoona kachifuwa ka mwana wanga kakukwera pang'ono, nkukhala nthawi yaitali kasanakwerenso.

"Muitaneni, amayi, musaleke," anatero mlonda. "Mawu anu ndi amene akuwadziwa."

Ndinamuitana mpaka kukhosi kunauma. Amuna anga anatukula mutu, nkuyang'ana zitenje zimene zinali zikadali pa timazenera, kenako anayang'ana ine. Mpaka lero nkhaniyi sanaitchulepo.

Galimoto isanamveke nkomwe, mwana anakhosomola. Anakhosomolanso, thupi lonse likunjenjemera, nkutsegula maso pang'ono.

"Amayi," anatero, "ndikumva kuzizira."

Ndinavula juzi yanga kuti ndimufunditse, koma inandipulumuka nkugwa pansi. Mlonda anaitola, nkumufunditsa yekha.